Chuku chophika chimakweza mankhwala m'maselo a zomera, koma tisathamangire kulonjeza

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani imene ikukambidwa pakati pa ophunzira za ulimi ndi anthu ofuna mbewu zina zolowa m'malo mwa fodya kuno ku Kasungu. Akuti zomera za mankhwala zingathe kulimidwa m'botolo, ndipo ukathiramo chuku mankhwala ake amachuluka. Zimenezi n'zoona ndithu, koma nkhaniyi ikamachoka pakamwa pa uyu kupita kwa uyo ikutaya mbali zimene zimachititsa kuti ntchitoyi itheke kapena ilephereke. Chuku chimene amathiracho n'chakufa, chophikidwa, choyezedwa mlingo, ndipo chimangokweza mankhwala okhawo amene maselowo amatha kale kupanga.

Aliyense amene analumapo mbatata yoyamba kuwola akukudziwa kuwawa kwake. Kuwawa kuja kumachokera kwa mbatata yeniyeniyo. Ikazindikira kuti chuku chailowa, imapanga mankhwala odzitetezera, ena mwa iwo ndi ipomeamarone, ndipo ng'ombe zikadya mbatata zowola zochuluka zimadwala m'mapapo mpaka kufa kumene. Mtedza wa ku Mchinji nawo ukaputidwa ndi chuku umapanga resveratrol, pomwe fodya amapanga capsidiol ndi scopoletin. Akatswiri awiri a ku Germany, Müller ndi Börger, anafotokoza khalidwe limeneli mu 1940 atafufuza mbatata ya kachewere yogwidwa ndi chiwawu. Chomera chathanzi sichitaya mphamvu kupanga mankhwala oterewa ochuluka. Chimadikira mdani afike kaye.

Mdaniyo chimamuzindikira ndi khungu lake. Khungu la chuku lili ndi chitin ndi glucan, ndipo tizidutswa ta zimenezi tikakhudza selo la chomera, calcium amathamangira mkati mwa selolo, pakangotha mphindi zochepa selolo limatulutsa hydrogen peroxide, kenako jasmonic acid amakwera n'kudzutsa ma enzyme opanga mankhwala. Selo silisiyanitsa chuku chamoyo ndi chakufa. Zili ngati kukuwa kuti "wakuba!" pamudzi usiku: amuna amatuluka ndi zibonga ngakhale wakubayo kulibe. Luso lonse lagona pa kukuwa mokwanira kuti maselo adzuke, koma osapyola muyeso mpaka afe.

Choyamba pamafunika maselo oyera, opanda tizilombo. Titenge chitsanzo cha Catharanthus roseus, duwa lija la maluwa apinki kapena oyera limene limamera m'mabwalo a nyumba zambiri popanda wolisamala. Masamba anthete amatsukidwa ndi madzi a pampopi, n'kuviikidwa mu ethanol wa 70 peresenti kwa masekondi 30, kenako mu jiki wosungunula kwa mphindi 10 mpaka 15. Jiki wa m'golosale nthawi zambiri amakhala wa 3.5 peresenti, choncho mamililita 30 a jiki kuonjezera madzi mpaka akwane 100 amapereka pafupifupi 1 peresenti, umene ndi mlingo woyenera. Mukapitirira pamenepo tsamba limayera mbuu ndipo silidzaphukanso. Mukachepetsa, pakatha masiku atatu mbale yonse imadzaza nkhungu. Masambawo amatsukuluzidwa katatu m'madzi ophikidwa mu autoclave (mphika wa mu labu wophera tizilombo ndi nthunzi yotentha kwambiri), n'kudulidwa tizidutswa ta sentimita imodzi.

Chakudya chofala cha maselowo ndi cha Murashige ndi Skoog (MS), chimene chinasindikizidwa mu 1962. Anthu a ku Kasungu angakonde kudziwa kuti anachikonza poyesa pa maselo a fodya, mbewu yathu yomweyi. Pa lita imodzi mumathira ufa wa MS magalamu 4.4, shuga magalamu 30, agar (ufa wolimbitsa chakudyacho) magalamu 8, ndi mankhwala okulitsa maselo: 2,4-D miligalamu imodzi ndi kinetin 0.1 miligalamu. Muyezo wa pH (wosonyeza kuchuluka kwa asidi) uzikhala 5.8 musanaphike, ukatsika kwambiri agar salimba. Kuphika kwake ndi pa madigiri 121 kwa mphindi 15 mpaka 20, ndipo pressure cooker yabwino imagwira ntchitoyi ngati autoclave palibe. Mukaphika nthawi yaitali shuga amapsa, chakudya chimada ngati tiyi, maselo n'kumakula monyinyirika.

Pakatha masabata atatu kapena anayi mumdima, pa madigiri 25, m'mphepete mwa tsamba mumatuluka chotupa choyererako chotchedwa callus. Sankhani chofewa chonyenyeka mukachikhudza ndi sipuni. Cholimba chobiriwira sichimwazika m'madzi. Tsamba likayamba kuda n'kudetsa agar, ndiye kuti likutulutsa ma phenol amene amadzipha nawo lokha. Lisamutsireni pa mbale yatsopano msanga, kapena thirani makala oyengedwa a mu labu galamu imodzi pa lita. Callus wofewayo, magalamu awiri kapena atatu, amaikidwa m'botolo la mamililita 250 lokhala ndi chakudya chamadzi, chopanda agar, mamililita 50 okha. Malo otsalawo ndi a mpweya. Botolo limakhala pa makina ogwedeza maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, usana ndi usiku, ndipo pakatha masabata awiri alionse gawo la maselo limasamutsidwira m'chakudya chatsopano.

Pali msampha pano umene ambiri amagweramo. 2,4-D amakulitsa maselo mwachangu koma amatsekereza kupangidwa kwa mankhwala a duwali. Munthu amakondwa kuona botolo ladzaza phalaphala, akayeza n'kupeza mulibe kanthu. Nchifukwa chake ntchitoyi imakhala ya magawo awiri: kukulitsa maselo m'chakudya cha 2,4-D, kenako kuwatsuka n'kuwaika m'chakudya china chopanda 2,4-D, chokhala ndi shuga wochulukirapo, magalamu 50 mpaka 80 pa lita, ndi phosphate wochepa. Chuku chimabwera pambuyo pa zimenezi.

Tsopano chukucho. Mitundu imene yagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi Aspergillus niger, Fusarium oxysporum, Trichoderma, Rhizopus, Penicillium ndi yisiti, komanso Pythium ndi Phytophthora zimene kale zinkawerengedwa m'gulu lomweli. Mbewu yake izichokera ku labu imene ikudziwa dzina lake lenileni, osati yopala pa chitsononkho kapena pa mtedza wa m'nkhokwe. Chakudya chake n'chapafupi: mbatata ya kachewere yosenda magalamu 200, kuiwiritsa m'madzi kwa theka la ola, kusefa, kuthira glucose magalamu 20, n'kuonjezera madzi mpaka lita imodzi, kenako kuphika mu autoclave. Chuku chimakula m'menemo kwa masiku 7 mpaka 10 pa madigiri 25 mpaka 28, chikugwedezeka, ndipo chimapanga timibulu kapena chiphathi cha ulusi woyera.

Musatsegule botolo limeneli chuku chili chamoyo. Liphikeni kaye mu autoclave. Njere zake n'zopepuka kuposa fumbi. Zikauluka m'chipinda zimalowa m'mapapo a wogwira ntchito ndiponso m'mabotolo onse a maselo, ndipo kuzichotsa kumatenga miyezi. Ndi bwinonso kuti chuku chizilimidwa m'chipinda china, chotalikirana ndi cha maselo. Chikazizira, sefani ulusiwo pa nsalu yoyera, muutsuke katatu kapena kanayi ndi madzi oyengedwa a mu labu (distilled water) kuti shuga ndi zotsalira za mbatata zichoke, muupere ndi blenda kapena mu kamtondo ka labu mpaka usalale, muthire madzi, muphikenso pa madigiri 121 kwa mphindi 20. Kutenthako kumamasula tizidutswa ta glucan ndi chitin. Mukasefa kapena kuzunguza pa centrifuge, madzi a pamwambawo ndiye choputira chanu, chothira m'maselo kuti adzuke. Chimasungika mu firiji kwa masabata ochepa, koma chikaumitsidwa ngati ayezi chimakhalitsa.

Ena amagwiritsa ntchito madzi amene chuku chinakuliramo m'malo mwa ulusi. Nthawi zina amagwira mwamphamvu, koma ife sitiwalimbikitsa kwa oyamba kumene, chifukwa poizoni wambiri wa chuku amasonkhana m'madzi omwewo, ndipo pamapeto simudziwa ngati maselo adzuka kapena adyetsedwa chiphe. Enanso amayesa kuika chuku chamoyo pamodzi ndi maselo. M'botolo muli shuga wambiri, chuku chimakula msanga kuposa maselo, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu chimakhala chalanda zonse. Zimatheka pokhapokha ziwirizi zitalekanitsidwa ndi kachikopa kopyapyala kolola madzi okha kudutsa.

Mlingo ndiye pamene pagona nkhani. Kunena kuti "tinathira mamililita awiri" sikuthandiza aliyense, chifukwa choputira cha lero ndi cha mwezi wamawa sizikhala ndi mphamvu yofanana. Muyezo wake ndi kuchuluka kwa shuga wa m'khungu la chukucho. Njira yakale ya phenol ndi sulphuric acid imakwanira: mililita imodzi ya choputira chosungunula, imodzi ya phenol wa 5 peresenti, asanu a asidi wamphamvuyo, kenako kuwerenga mtundu wachikasu wobwerawo pa makina oyezera mtundu otchedwa spectrophotometer pa 490 nm poyerekeza ndi glucose wodziwika mlingo. Asidiyu amawotcha khungu, ndipo chisakanizocho chimatentha nthawi yomweyo, choncho magalasi a m'maso ndi magolovesi n'zosakambirana. Mukadziwa mphamvu yake, yesani milingo ingapo, monga mamiligalamu 25, 50, 100 ndi 200 pa lita ya maselo. Zotsatira zake sizikwera mowongoka. Mankhwala amakwera, amafika pachimake, kenako amagwa, ndipo pachimakepo pamasiyana malinga ndi chomera, mtundu wa chuku, ngakhale mzere wa maselo (gulu la maselo olimidwa motsatizana m'mabotolo) ochokera ku chomera chimodzimodzi. Mlingo umene munawerenga kuti unagwira kwina ndi poyambira chabe.

Mukapyola muyeso, maso amakuuzani okha. M'mawa maselo anali oyererako ngati mkaka. Pofika madzulo asanduka ofiirira, tsiku lotsatira akuda, akhazikika pansi, madzi ake achita thovu. Kufiirira pang'ono si vuto, kumasonyeza kuti maselo amva. Kuda bii ndi imfa. Kuti mutsimikize, tengani maselo pang'ono muwaike mu mankhwala oyesera otchedwa TTC kwa maola angapo mumdima: amoyo amafiira, akufa amakhala momwemo. Palinso njira yotsika mtengo yodziwira ngati choputira chanu chili ndi mphamvu musanawononge masabata. Ikani chipangizo choyezera pH m'maselo pang'ono, muthire choputiracho. Chikakhala chabwino, pH ya madziwo imakwera mkati mwa mphindi zochepa. Ikapanda kusuntha, kaphikeni china.

Nthawi yothira nayo ili ndi mphamvu yofanana ndi mlingo. Mukathira maselo akadali aang'ono, amaleka kukula, ndipo ngakhale selo lililonse litakhala ndi mankhwala ambiri, maselowo amakhala ochepa moti phindu palibe. Mukathira atakalamba, shuga atatha, alibe chopangira mankhwalawo. Nthawi yabwino ndi pamene kukula kwachangu kukuyandikira kutha, ndipo kwa maselo ambiri zimenezi zimachitika pakati pa tsiku la 10 ndi la 14. Koma musangokhulupirira manambala athu. Yambani mwayeza kulemera kwa maselo anu masiku awiri alionse kwa masabata atatu, mujambule mzere wa kakulidwe kawo. Mukathira choputira, kololani mabotolo pa maola 24, 48, 72 ndi 96, chifukwa mankhwala ena amakwera tsiku loyamba n'kuphwanyidwanso ndi maselo omwewo pofika lachinayi. Yezaninso madzi, osati maselo okha. Choputira chimachititsa maselo ambiri kutayira mankhwala kunja. Ena amaikamo utomoni wa XAD-7 woti uziwagwira akangotuluka. Ndipo musathire kachiwiri tsiku lotsatira poganiza kuti muchulukitsa: maselo amene angoputidwa kumene amagontha kwa kanthawi.

Pa mlingo uliwonse pazikhala mabotolo atatu, komanso atatu othiridwa madzi okha, ndi ena atatu othiridwa msuzi wa mbatata wopanda chuku. Popanda zimenezi simungadziwe ngati chasintha zinthu ndi chuku kapena glucose wotsalira. Maselo amaumitsidwa pa madigiri osapitirira 50, n'kuperedwa, n'kuviikidwa mu methanol. Poyamba mbale za TLC, zolekanitsira mankhwala kuti aoneke ngati madontho, zimakwanira: mankhwala a Dragendorff amaonetsa ma alkaloid ngati madontho a mtundu wa lalanje, ndipo serpentine amawala mtundu wa buluu pansi pa nyali ya UV. Kuwala kumasandutsa ajmalicine, alkaloid wina wa duwa la Catharanthus, kukhala serpentine, choncho wofuna ajmalicine asunge mabotolo mumdima. Koma nambala yeniyeni imachokera ku makina oyezera kuchuluka kwa mankhwala otchedwa HPLC, ndipo izilembedwa pawiri: mamiligalamu pa galamu ya maselo ouma, ndi mamiligalamu pa lita. Munthu akakuuzani kuti mankhwala akwera kasanu, mufunseni kuti akwera kuchokera pati. Kasanu ka chinthu chosaoneka n'komwe sikadzaza supuni.

Apa ndi pamene tikupempha atolankhani ndi olankhula m'misonkhano kuti asamale. Duwa la Catharanthus ndi limene limapereka vincristine ndi vinblastine, mankhwala a khansa; vincristine ndi amene zipatala zathu zimagwiritsa ntchito pa ana odwala Burkitt lymphoma ndi khansa ya m'magazi. M'masamba amapezeka ochepa zedi, moti pamafunika masamba ouma pafupifupi makilogalamu 500 kuti papezeke galamu imodzi ya vinblastine. Ndiye munthu akamva za maselo a m'botolo amaganiza kuti yankho lapezeka. Ayi. Vinblastine amapangidwa polumikiza catharanthine ndi vindoline. Maselo a m'botolo amapanga catharanthine ndi ajmalicine, ndipo chuku chimawakweza ndithu, koma vindoline amafuna tsamba lenileni lokhala ndi maselo amitundu yosiyanasiyana ogwirira ntchito limodzi, komanso kuwala. Thirani chuku cha mtundu uliwonse, vincristine wokwanira simumupeza.

N'chimodzimodzi ndi Artemisia annua, gwero la artemisinin, amene amapangira artemether wa mu LA, mankhwala a malungo amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007. Artemisinin amapangidwa mu timatumba ta pa tsamba, ndipo callus alibe timatumbato. Ofufuza amene amapeza zotsatira zabwino amagwiritsa ntchito mphukira zathunthu kapena mizu yolimidwa m'botolo. Maselo a Papaver somniferum, chomera chopereka morphine, akaputidwa ndi chuku cha Botrytis amapanga sanguinarine wambiri, koma morphine ayi. Chuku chimadzutsa mankhwala omenyera chuku. Sichisankha amene ife tikuwafuna.

Kumene ntchitoyi yafika pa malonda n'kowerengeka. Ku Japan kampani ya Mitsui inayamba kupanga shikonin kuchokera ku maselo a Lithospermum erythrorhizon mu 1983. Ku Germany kampani ya Phyton Biotech imapanga paclitaxel, amene kuno amathandiza odwala Kaposi sarcoma, kuchokera ku maselo a mtengo wa Taxus m'mathanki ofika malita 75,000. Dziwaninso kuti pa maselo a Taxus choputira chimene chinatchuka kwambiri ndi methyl jasmonate, mankhwala ogula m'botolo a mphamvu yosasintha. Ubwino wa chuku ndi wakuti n'chotsika mtengo ndipo chingapangidwe konkuno; kuipa kwake n'kwakuti chimasinthasintha. Wofuna china chapakati ayese chitosan, wosungunula mu acetic acid wa 1 peresenti, pH n'kuikwezera ku 5.5, pa mlingo wa mamiligalamu 50 mpaka 200 pa lita.

Kwa ife kuno, mavuto oyamba si a sayansi yozama. Magetsi akazima makina ogwedeza n'kuima, maselo amakhazikika pansi n'kubanika, ndipo usiku umodzi wokha ungathe kuwononga mzere umene unatenga theka la chaka kuukhazikitsa. Labu yopanda mabatire, sola kapena jenereta yodzilizira yokha isayambe n'komwe maselo a m'madzi. Ikhale pa callus wa pa agar. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 30, pomwe maselo amafuna 25, ndiye chipinda chimafunika chozizitsira. Madzi a pa mjigo ali ndi mchere wosokoneza chakudya. Tinsabwe tating'onoting'ono timalowa pansi pa zivindikiro titanyamula njere za nkhungu. Ndipo mzere wa maselo umene ukupanga bwino chaka chino ukhoza kufooka pakapita miyezi, chifukwa maselo okula msanga koma osapanga kanthu amachuluka kuposa anzawo. Mzere wabwino uzisungidwa m'malo awiri, ndipo uziyezedwa kawirikawiri.

Luso lolima zomera m'botolo lilipo kale m'dziko muno, makamaka pochulukitsa mbewu za nthochi ndi mbatata zopanda matenda, ndipo pali malo ngati Bunda, Chitedze ndi Bvumbwe amene amadziwika ndi kafukufuku wa mbewu. Kuno ku Kasungu tili ndi koleji ya zaulimi ya Mwimba. Maganizo athu ndi akuti ophunzira ayambe ndi maselo a fodya kapena a mtedza. Amakula mosavuta, amamva choputira msanga, ndipo scopoletin wa fodya amawala pansi pa nyali ya UV moti wophunzira amaona ndi maso kuti chachitika. Akazolowera, ndi pamene angatembenukire ku zomera zimene zikutha chifukwa chokumbidwa mizu ndi kusendedwa makungwa, monga gondolosi ndi muwawani. Ngakhale pamenepo, ntchito yoyamba ndi kutsimikizira dzina la chomeracho ku National Herbarium ku Zomba ndi kudziwa mankhwala enieni amene tikufuna kuyeza. Kwa gondolosi, kuchulukitsa mbande m'botolo kuti alimi adzale kungapindulitse msanga kusiyana ndi kufinya mankhwala m'maselo.

Chenjezo lomaliza likupita kwa asing'anga ndi ogulitsa zitsamba m'misika. Pasapezeke womva nkhaniyi n'kuganiza kuti makungwa kapena mizu yochita chuku ili ndi mphamvu yoposa. Chuku chofala m'nkhokwe zathu ndi Aspergillus flavus, chimene chimapanga aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi ndi woyambitsa khansa. Kuwiritsa sikumuchotsa, ndipo ngakhale autoclave simumaliza. Pa chifukwa chomwechi, mu labu A. flavus asagwiritsidwe ntchito ngati choputira, ndipo popeza mitundu ina ya Fusarium ndi A. niger nayo imapanga poizoni wake, chilichonse chochokera m'mabotolowa chiyenera kuyezedwa poizoniyo. Madzi ndi maselo a m'botolo si mankhwala akumwa. Chimene chafinyidwamo chimayenera kuyengedwa, kuyesedwa, ndi kuvomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority chisanafike kwa wodwala aliyense.

Ndife owerenga anu,
Aphunzitsi a sayansi ya zomera,
Kasungu